Ndege ya mkamwini ndi ufa wa apongozi

Popeza ena mwayamba kale kundimenyera saluti pa depoti ya Kasungu n'kumanditchula kuti "a Kaputeni", bola nkhaniyi muimve kwa mwini wake, osati kwa alamu anga amene amathira mchere wambiri.

Inde, helikopita ija inagwa. Ya rimoti ija, T-Rex 450, imene achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inawomba nsanamira ya chigafa, mapiko n'kuthyoka. Zimenezo sindikana. Chimene ndikukana n'chakuti ndinaikonza mwachisawawa. Masabata atatu, abale anga! Shafti yaikulu ndinaigubuduza pa galasi lodziyang'anira la mayi a kunyumba kuti ndione ngati inapindika. Mano a giya ndinawayendera limodzilimodzi. Lamba wa kumchira ndinamukoka, ma servo, timamota timene timapendeketsa mapiko, ndinawatchera khutu ngati akukukuta, sikuluwu iliyonse yolowa m'chitsulo ndinaidonthezera Loctite, guluu woti isamasuke. Batire ya LiPo inali itatupa ngati chitumbuwa, ndipo ndinaikwirira mumchenga m'ndowa, kutali ndi fodya, chifukwa yotupa imatha kuyaka yokha. Komanso musaiwale, kuno ndi kumene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesererapo ma drone mu 2017. Ine ndinkaonera kunja kwa waya, komabe ndinaonera.

Chimene sindinatsegule ndi kashafti kopingasa kam'mutu, kamene kamagwira mapiko awiri aja. Kamapindika pafupifupi pa ngozi iliyonse, koma kali m'kati sungakaone. Ndinkadziwanso bwino kuti poyesa umayamba wachotsa mapiko kapena kuzula mawaya a mota. Koma mapiko atsopanowo anali okongola, ndipo ana a m'mudzi anali atandizungulira kale.

Linali Loweruka. Apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Santhe, ndipo ankayanika ufa woyera pa mphasa ziwiri. Ine monga mkamwini waulemu ndinakhala potero, nditawafulatira. Ndinathamangitsa ana, ndinayatsa rimoti n'kuikoleka m'khosi, ndinalumikiza batire ina, swichi ya throttle hold, yoletsa mota kuzungulira, ili yotseka monga mwa lamulo. Kenako ndinawerama kuti ndione mutu wa ndege.

Amene anatsegula swichi ija si ine. Ndi mimba. Swichi inayo, ya idle up, imene imazungulitsa mota mwamphamvu ngakhale osakhudza kandodo ka pa rimoti, inali chikwezere kuyambira tsiku la ngozi.

Mota simayamba mwaukali, imayamba mwaulemu. Fyuu, pang'onopang'ono, ngati ikupempha malo. Nthawi yotsekanso swichi inalipo yambiri, koma miyendo inaganiza msanga kuposa mutu, ndinangopezeka ndili kuseri kwa nkhokwe. Ndege inayamba kunjenjemera chifukwa cha kashafti kaja, n'kumavina chimtali ikudutsa pabwalo, mapiko akuzungulira maulendo oposa 2,000 pa mphindi, mpaka inafika pa mphasa n'kunyamuka kufika m'mawondo.

Abale, ufa umauluka. Dzuwa linazima. Mtengo wa mango unayera, tambala anayera, galu wathu wakuda analowa mumtambomo n'kutulukamo galu wa eni ake. Ndipo pakati pa zonsezo panali apongozi, ali chikhalire, miyendo ili yotambasula, lichero lili m'manja. Sanathawe, sanakuwe. Ufa unkawagwera pa duku pang'onopang'ono, pa nsidze, pa mapewa, mpaka panatsala maso awiri okha, ndipo maso amenewo, amene kwa zaka 11 sanandiyang'anepo mwachindunji, anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Anaphethira kamodzi. Kaufa kanagwa.

Ine ndinagwada n'kuyamba kuwomba m'manja. Rimoti ili m'khosi. Chigongono chinakankha kandodo, ndege inapendekeka n'kukadziponya m'khola la mbuzi. Mwayi wake sinakhudze munthu, chifukwa mapiko amenewo amang'amba mnofu mpaka pafupa.

Apongozi sanayankhule nane. Anaitana mwana wawo n'kunena motsitsa mawu: "Tawafunsa bambowa ngati ndege yawo yakhuta."

Ndinalipira ndowa ziwiri za chimanga ndi ya kuchigayo. Nditamasula kashafti kaja, kanali kopindikadi, kutanthauza kuti matenda ndinawadziwa, kungoti mochedwa. Mapiko amene anatsala akusunga ndi mayi a kunyumba, sindikudziwa kuti. Batire yotupa ija ikanali m'ndowa ya mchenga, ndipo nkhuku ina yayamba kuikiramo mazira. Ndikufuna ndikaichotse, mwina mawa.