Mlonda wa mafayilo m'kaofesi kathu ka ku Limbe

Bizinesi yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi mng'ono wanga, ndipo timagwirira ntchito m'kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ina ku Limbe. Timalemba mapulogalamu ang'onoang'ono a sukulu zoyima pazokha, makamaka olembera fizi ndi kutulutsa malisiti, kuti wosunga ndalama pasukulu asamavutike ndi mabuku akuluakulu aja amene masamba ake amathothoka teremu isanathe. Tinasankha kulemba ndi Node.js, pulogalamu yoyendetsa khodi (malangizo amene timalembera kompyuta) ya chilankhulo cha JavaScript, chifukwa ndi yaulere ndiponso imayenda bwino pa makompyuta akale amene sukulu zambiri zili nawo.

Node.js ili ndi khalidwe limodzi limene linatisautsa kwambiri poyamba. Imawerenga khodi panthawi imene pulogalamu ikudzuka, ndipo zimene yawerengazo ndi zimene imagwiritsa ntchito mpaka itazimitsidwa, ngakhale mwini wake atasintha mafayilo kambirimbiri. Choncho tikakonza mzere umodzi wokha, tinkayenera kupita pa terminal (zenera lolemberamo malamulo a kompyuta), kudina Ctrl ndi C kuti seva, imene ndi pulogalamu yathu yotumiza masamba ku bulawuza, ife, kuyidzutsanso, kenako kubwerera ku bulawuza kukaona ngati zatheka. Ntchitoyi siyolemetsa, koma munthu akamaibwereza tsiku lonse, nthawi ina amaiwala, ndipo akaiwala palibe chimene chimamuchenjeza.

Tsiku limene kuiwalako kunatipweteka tinali mu ofesi ya ahedi a sukulu ina ku Chirimba, amene anali kasitomala wathu wachiwiri. Iwo anapempha kuti lisiti lizionetsa ndalama zimene zatsala kuti kholo limalize fizi, ndipo ine ndinakonza zimenezi pomwepo iwo akuona, pofuna kuwatsimikizira kuti pempho lawo silidzachedwa m'manja mwathu. Nditatulutsa lisiti loyesera, silinasinthe. Ndinakonzanso, ndinasintha zina zimene zinalibe vuto, ndinafika posokoneza masamu amene anali olondola, koma lisiti linkatuluka lomwe lija. Ahedi anali munthu waulemu ndipo sananene kanthu, anangoyamba kuyang'ana pawotchi. Ndiye mng'ono wanga anandinong'oneza kuti, “Achimwene, kodi seva munayidzutsanso?” Sindinayidzutse. Zimene ndinakonza poyamba zinali zolondola, ndipo nthawi yonseyo ndinkalimbana ndi khodi yakale. Ntchitoyo anatipatsabe, koma pobwerera mu minibasi tinagwirizana kuti chinthu chimene makina angathe kukumbukira tisachisiyenso m'mutu mwa munthu wotopa.

Chida chimene tinapeza ndi nodemon, chimene anachiyambitsa ndi Remy Sharp wa ku Britain ndipo aliyense akhoza kuchigwiritsa ntchito mosalipira. Ntchito yake ndi imodzi: chimadzutsa pulogalamu yanu, kenako chimakhala tcheru kuyang'anira foda imene muli khodi, ndipo fayilo ikangosungidwa ndi zosintha, chimazimitsa pulogalamuyo n'kuyidzutsanso chokha. Kuchiika sikunatenge nthawi ndipo sikunadye bandulo yambiri ya intaneti. Ambiri amalemba `npm install -g nodemon` kuti chikhale pa kompyuta yonse, koma ife tinasankha `npm install --save-dev nodemon`, kuti chilembedwe mu fayilo ya package.json ya ntchito iliyonse, imene imasunga mndandanda wa zida zimene ntchitoyo imafuna, chifukwa mwa njira imeneyi ine ndi mng'ono wanga timakhala ndi mtundu wofanana ngakhale tikugwira ntchito pa malaputopu osiyana. Mu fayilo yomweyo tinalembamo lamulo lalifupi, kotero kuti m'mawa timangolemba `npm run dev` basi kuti nodemon adzutse pulogalamu, ndipo tikafuna kudzutsa seva tokha popanda kusintha kanthu timalemba `rs`. Mng'ono wanga anachipatsa dzina lakuti mlonda, ndipo mpaka lero ndi mmene timachitchulira.

Chisangalalo cha masiku oyamba chinatha titazindikira kuti mlondayu sadziwa kusiyanitsa mwini nyumba ndi mlendo. Mukapanda kumuuza china, nodemon amayang'anira mafayilo a js (a khodi) ndi a json (osungira deta), ndipo panthawiyo pulogalamu yathu inkasunga malisiti oyesera mu fayilo ya json imene inali mu foda yomweyo ya khodi. Zotsatira zake zinali zakuti lisiti lililonse likalembedwa, fayiloyo inkasintha, mlonda ankaona ngati tasintha khodi, ndipo ankazimitsa seva. Popeza mayina a amene alowa mu pulogalamu ankasungidwa ndi seva mu RAM mokha, malo osungira zinthu kwakanthawi, ndipo ankafufutika seva ikazima, aliyense ankatulutsidwa n'kufunsidwanso mawu achinsinsi pakangotha lisiti limodzi. Zinafika poipa pamene tinawonjezera kagawo kolemba mu fayilo ya json nthawi imene pulogalamu yadzuka: seva ikadzuka inkalemba, kulembako kunkachititsa kuti izimitsidwe, ikadzukanso inkalembanso, ndipo mizere inkangotsika pa sikirini mosalekeza.

Apa m'pamene tinaphunzira kulemba fayilo ya nodemon.json, imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa kuika chidacho kumene. Mmenemo tinatchula foda ya khodi yokha kuti ndiyo iziyang'aniridwa, tinalamula kuti foda ya malisiti ndi ya zithunzi za ophunzira zisamayang'aniridwe, ndipo tinawonjezera mafayilo a ejs amene amapanga maonekedwe a masamba athu, chifukwa amenewa mlonda sankawaona mwa iye yekha. Tinaikanso kuti azidikira masekondi awiri asanadzutse seva, popeza tikakoka zosintha za mnzathu kudzera pa Git, chida chogawanirana khodi, mafayilo ambiri amasintha motsatizana, ndipo sikofunika kuti seva izime kakhumi pa ntchito imodzi. Vuto limeneli linatithandizanso mwa njira ina, chifukwa linatikakamiza kuchotsa malisiti mu json n'kuwasamutsira ku nkhokwe ya deta yotchedwa SQLite, chinthu chimene tinkayenera kuchita kalekale koma tinkangochizengereza.

Vuto lachiwiri linali lobisika kwambiri, ndipo ndilifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa uthenga wake umasocheretsa. Tsiku lina laputopu ya mng'ono wanga, imene imayendera Ubuntu, mtundu wina wa Linux, inakana kudzutsa mlonda n'kulemba mawu akuti ENOSPC. Mawu amenewa nthawi zambiri amatanthauza kuti malo osungira zinthu atha, choncho iye anafufuta mavidiyo ndi mafayilo akale ambirimbiri, koma uthengawo sunachoke, ndipo titayang'ana tinapeza kuti disiki sinadzaze ngakhale theka. Chimene chinatha ndi china. Pa Linux, mapulogalamu oyang'anira mafayilo amadalira kagawo kotchedwa inotify, kamene kanalowa mu Linux m'chaka cha 2005, ndipo ntchito yake ndi kuuza pulogalamu msanga pamene fayilo yasintha, kuti pulogalamuyo isamachite kufunsa. Foda iliyonse yoyang'aniridwa imatenga malo amodzi, ndipo chiwerengero cha malowa kwa munthu mmodzi chili ndi malire, amene kwa zaka zambiri pa makompyuta ochuluka ankakhala 8192. Malirewo sakhala a nodemon yekha. Visual Studio Code, imene timalembera khodi, nayonso imayang'anira mafoda, ndipo mng'ono wanga anali atatsegula ntchito za sukulu zingapo nthawi imodzi, iliyonse ili ndi foda yake ya node_modules yosungira zida zokopedwa, mmene mumakhala timafoda tambirimbiri.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi. Tinalemba `fs.inotify.max_user_watches=524288` mu fayilo ya /etc/sysctl.conf, kenako `sudo sysctl -p`, ndipo mlonda anadzuka. Komabe sindinakhutire ndi kungokweza nambala, chifukwa malo aliwonse ogwiritsidwa ntchito amadyako RAM, ndipo malaputopu athu ndi ogula kale kwa ena, alibe RAM yomwaza. Choncho tinazolowera kutseka ntchito zimene sitikuzigwira tsiku limenelo, ndipo tinaonetsetsa kuti mafoda osafunika achotsedwa pa mndandanda wa zoyang'aniridwa.

Vuto lachitatu linabwera ndi mtsikana wina wochokera ku koleji amene anadzaphunzira ntchito kwa ife kwa miyezi ingapo. Laputopu yake inali ya Windows, ndipo ankayendetsa Linux m'kati mwake kudzera pa VirtualBox, khodi ili mu foda yogawana pakati pa ziwirizo. Kwa iye mlonda ankadzuka bwinobwino koma sankaona kusintha kulikonse, chifukwa uthenga wakuti fayilo yasintha sudutsa kuchoka ku Windows kukafika ku inotify pa foda yotereyi. Nodemon ali ndi njira ya zoterezi, yolemba `-L`, imene imamuchititsa kuti azifunsa yekha pafupipafupi ngati mafayilo asintha. Njirayi inagwira, koma fani ya laputopu inayamba kulira ndipo batire linkatha msanga, zimene kwa ife si nkhani yaing'ono, chifukwa magetsi akazima masana batire ndilo limanena ngati tigwirabe ntchito kapena tipita kunyumba. Pamapeto pake tinasamutsira khodi yake m'kati mwa Linux mwenimweni, ndipo `-L` sinafunikenso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimakana nthawi zonse, ngakhale mng'ono wanga anachifuna poyamba, ndicho kusiya nodemon pa kompyuta ya sukulu. Maganizo ake anali akuti tikatumiza zosintha, pulogalamu izidzuka yokha popanda ife kukwera minibasi. Koma kusukulu kuli makolo pamzere ndi ndalama m'manja, ndipo seva ikazima pakati pa kulemba lisiti chifukwa wina wakhudza fayilo mwangozi, wosunga ndalama ndi amene adzayankhe mafunso kwa kholo ndi kwa ahedi, osati ife. Kumeneko timagwiritsa ntchito systemd, imene imadzutsa pulogalamu kompyuta ikayaka ndiponso pulogalamuyo ikagwa, ndipo zosintha timaziika tokha madzulo ofesi ya fizi itatsekedwa.

Kuyambira mtundu wa 18.11, umene unatuluka mu 2022, Node.js ili ndi mlonda wakewake amene amadzuka munthu akalemba `node --watch`, osaikanso chida china. Tinamuyesa pa ntchito yatsopano yaing'ono ya sukulu ya mkaka ina ku Bangwe, ndipo akugwira bwino. Pa pulogalamu ya fizi tikadali ndi nodemon, chifukwa fayilo ija ya nodemon.json inatenga masabata a kulakwitsa kuti ifike pamene ilipa, ndipo mzere uliwonse mmenemo timadziwa chimene unalembedwera. Sukulu yatsopano ikatipatsa ntchito, fayilo imeneyi ndi yoyamba kukopedwa mu foda yatsopano, tisanalembe ngakhale dzina la sukuluyo pamwamba pa lisiti.