Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kadontho ka kumatako kwa udzudzu

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangoyamba ntchito m'kachipinda kowetera udzudzu ku Blantyre. Inde, kuweta udzudzu. Agogo anga atamva anaseka mpaka kutsokomola, amvekere anzako akuweta mbuzi, iwe wasankha kuweta malungo.

Ntchito yanga inali ya pansi penipeni: kusintha madzi a mphutsi, kunyika thonje m'madzi a shuga, kupukuta makola. Tsiku lodyetsa magazi, pepala loyala pansi pa khola linkadzaza timadontho tofiirira. Ine ndinkayesa magazi otayika basi, ndipo ndinkapukuta uku ndikung'ung'udza.

Tsiku lina amayi amene ankatiyang'anira anandikodola kuti ndidzaone Anopheles, udzudzu wofalitsa malungo, ikuyamwa. Mimba ikufufuma choncho, kumatako kunatuluka kadontho, kenako kena.

"Mwaona, achimwene? Ukukodza umenewo, chikhalirecho uli pa mbale."

"Amayi, ngakhale mwana wakhanda amadikirako pang'ono!"

Anaseka, n'kundiuza kuti udzudzu waukazi umatha kumwa magazi olemera kuwirikiza kawiri thupi lake. Ndi mtolo wotero kuuluka n'kovuta, pomwe dzanja la mwini magazi lili pompo. Chimene ukufuna m'magazimo ndi chakudya chokhwimitsira mazira. Madzi ndi mchere ndi katundu chabe, ndiye umayamba kutula usananyamuke n'komwe.

Masana ake anang'amba umodzi pa maikulosikopu. Pokumana matumbo apakati ndi akumapeto panali timachubu tisanu totuwa, towonda kuposa ulusi wosokera. Timeneti ndiye impso za udzudzu, ndipo tinatengera dzina la Marcello Malpighi, wasayansi wa ku Italy wa zaka za m'ma 1600.

Koma chimene ndinagona nacho usiku umenewo n'chakuti timachubuti sitidzilamula tokha. Mu ubongo ndi m'mitsempha ya kachilomboka muli maselo otulutsa timahomoni ting'onoting'ono, ma neuropeptide, toyenda m'madzi a m'thupi ngati nyakwawa zotumidwa ndi amfumu. Ina, DH31, ikafika imauza timachubu kuti titulutse mkodzo wodzaza sodium, mchere womwe wachuluka m'magazi athu. Ena otchedwa ma kinin amatsegulira njira chloride, gawo lina la mchere wa m'magaziwo, komanso amafulumizitsa matumbo akumapeto kuti azifinya, zonyansa zituluke. Ndiye pali CAPA, imene ofufuza a ku York University ku Canada anaipeza ikuletsa kukodzako mwa udzudzu wa mtundu wina wotchedwa Aedes aegypti. Imeneyi ndi imene ndinaikonda, chifukwa kutsegula mpopi aliyense angathe, koma kachilombo kochepa chonchi kakapanda wotseka kangaume tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo pepala lija ndinkaliyang'ana kaye ndisanalitaye. Madontho akachuluka ndinkadziwa kuti adya bwino, mazira akubwera. Ndinayambanso kudzimva katswiri, mpaka kumaphunzitsa anthu za DH31 mu minibasi ya ku Ndirande, osafunsidwa.

Kudzimvako n'kumene kunandigwetsa. Linali Lachisanu la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuthamangira chinkhoswe cha msuweni wanga. Ndinatseka chitseko osanyowetsa matawulo ofundika pa makola, thonje la shuga nalonso osasintha. Lolemba m'mawa ndinapeza pansi pa makola atatu pali bii, udzudzu uli gadaa, wouma ngati gaga. Ndidakali chiimire ndi kiyi m'manja, ndinamva nsapato za amayi aja zikubwera m'khonde.