Nkhomo ya agogo ndinapita nayo ku Lilongwe

Kwawo kwa akazi anga ndi ku Nkhotakota, chakufupi ndi ku Linga, kumene nsima ndi kondowole ndipo bawo samasewera ndi ana. Ine ndine wa ku Dedza, bawo ndinaphunzirira pa foni. Foniyo ndinkaigonjetsa mpaka batire kutha, moti tisanakwere n'komwe minibasi yopita kunyanja ndinali nditawauza kale alamu anga pa WhatsApp kuti andipezeretu katswiri, ophunzira ndilibe nawo nthawi.

Alamu anandipezeradi. Anandipezera agogo awo aamuna.

Mdala ameneyu akazi anga amawatchula kuti "mkazi wanga", ine amanditchula kuti wakuba. Atangondiona anagogoda mphasa ndi ndodo. "Wakuba uja wafika? Khala apa, tione ngati mkazi wanga anatengedwa ndi munthu wamutu kapena ndi nsapato zokhazi."

Thabwa linatuluka m'nyumba atalinyamula anyamata awiri. Linali lolemera, lakuda ndi thukuta la zala, mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32. Nkhomo 64 zinali m'kachitini. Zinali nkhomo zenizeni, zotuwa, zosalala, osati timiyala kapena zitsekerero za mabotolo zimene timagwiritsa ntchito m'tauni. Ine mwachangu ndinayala mbali yanga monga foni inandiphunzitsira: 6 m'nyumba, dzenje la ngodya zinayi lija, kenako ziwiriziwiri m'maenje awiri a kumanja kwake, m'manja kutsala 22.

Agogo anayang'ana thabwa, anayang'ana ine. "Amenewo ndi malamulo a ku Zanzibar. Wabwera pa ndege kodi? Kuno m'nyumba timaika 8, m'manja mutsale 20."

Anthu amene anali atayamba kusonkhana pansi pa mtengo wa mango anaseka pang'ono chabe, mosungira zina.

Poyamba zinkayenda. Amene amasewera akudziwa kuti chigawo choyamba umatenga nkhomo imodzi m'manja n'kuiponya m'dzenje la mzere wakutsogolo lomwe muli kale zina. Ngati dzenje la mnzako loyang'anizana nalo muli kanthu, wadya, ndipo zomwe wadyazo umazifesa kuyambira kumapeto kwa mzere wako. Ngati palibe chodya umangotakata, ndiko kuti kufesa zako zomwe osadya za mnzako. Ndinadya ziwiri, ndinadyanso zitatu, ndinayamba kuimba kamluzu. Agogo ankangotakata, kuponya kamodzi apa, kamodzi apo, maso ali ku mbuzi. Pambuyo pake m'pamene alamu anandiuza kuti mdalayo amayamba wamunenepetsa mlendo asanamugwetse.

Ndiye kunabwera mtedza. Alamu anagula wokazinga kwa mwana wina, ndipo poona kuti dzanja langa lamanja lili pa ntchito, anandithirira kumanzere, momwe munali nkhomo zanga zotsala. Maso anga anali pa nyumba ya agogo, yomwe inali itatupa bwino, ndipo ndinkawerenga chamumtima kuti ndikaponya apa ndikathera pati. Dzanja lamanja linkagwira ntchito ziwiri, china kukamwa, china pathabwa. Penapake linasokoneza makalata.

Khobo!

Ululu unachokera m'dzino lotafunira, unadutsa m'khutu, unakatulukira pa liwombo. Misozi inalengeza. Ndinayendetsa lilime ndipo ndinapeza zinthu ziwiri: kachidutswa ka dzino, ndi nkhomo yathunthu yopanda n'kachipsera komwe. Nditayang'ana pathabwa, m'dzenje lachitatu munali kanjere ka mtedza katakhala phee pakati pa nkhomo ngati mlendo wosaitanidwa pa ukwati.

Munthu wanzeru akanalavula n'kuseka nawo. Koma taganizani, mkamwini wobwera ndi matama a pa WhatsApp, akutulutsa nkhomo m'kamwa pamaso pa mudzi wonse. Ndani akanakhulupirira za mtedza? Akanati ndimabisa. Choncho ndinaikankhira m'tsaya kuti ndiibweze mwakachetechete anthu akayang'ana kumbali.

Palibe anayang'ana kumbali. M'malo mwake agogo anasankha nthawi yomweyo kuyamba mbiri. Anati bawo wa kuno anabwera ndi Aswahili a m'nthawi ya Jumbe, Salim bin Abdallah, amene anadzakhazikika pa Nkhotakota cha m'ma 1840, zombo zake n'kumaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la nyanja, ulendo wa ku Kilwa. Anati mu 1863 Livingstone anakhala pansi ndi Jumbe pa mkuyu uja ulipobe mpaka lero, kumunyengerera kuti asiye malonda a anthu, koma malondawo anapitirira. Akamafotokoza, dzanja lawo silinkaima. Linkangoyenda, kutola, kufesa, kutola.

"Unakauona mkuyuwo, wakuba?"

"Mmm."

"Mmm eya kapena mmm ayi?"

"Mmm-mm."

"Mwana wa ku Dedza ameneyu Chichewa chamuthera," anatero munthu wina kumbuyo.

Za m'manja zitatha tinalowa mtaji, pamene umanyamula dzenje lonse n'kumafesa, ndipo apa m'pamene ndinaona chimene ankakonza muja ankaoneka ngati akuwerenga mbuzi. Ananyamula dzenje limodzi la kumbuyo, lomwe ine sindinkaliwerengera n'komwe. Yomaliza inagwera moyang'anizana ndi zanga, anadya. Anafesa, inagweranso pabwino, anadya. Anazungulira mzere wakumbuyo, anatulukira kutsogolo, anafika m'nyumba mwawo. Apa munthu amaloledwa kugona kapena kupitiriza ulendo. Anandiyang'ana, anamwetulira ndi mano awo atatu, anainyamula nyumba yonse. Phokoso la nkhomo pathabwa linkangomveka kho, kho, kho, anthu akuwerenga nawo mokweza. Nyumba yanga inapita. Kenako anafika pa dzenje lachitatu lija.

Anatola zonse, anaima, anatsegula chikhatho. Anatenga kanjere ka mtedza, anakayang'anitsitsa, anakaponya m'kamwa n'kutafuna.

"Mchere wachepa," anatero. "Tawerengani nkhomo zanga."

Anawerenga alamu, zinakwana 63. Anawerenga mphunzitsi wina wopuma, 63. Mphasa inayalulidwa, mchenga unasefedwa ndi zala, nkhuku inathamangitsidwa popanda mlandu. Ine ndinkafufuza nawo mwakhama kuposa aliyense, tsaya lili tupu, ndikuyembekeza mpata woti ndiwerame ndiilavule. Koma kulikonse komwe ndawerama, kamwana kogulitsa mtedza kaja kanali pomwepo, kakundiyang'ana pakamwa.

Kenako akazi anga anatulukira ndi chikho cha thobwa. Anagwada, anapatsa agogo, agogo anamwa, n'kundipatsira ine ndi manja awiri. Chikho chochokera m'manja mwa agogo sungachikane. Ndinati ndingonyowetsa milomo. Thobwa lake linali lozizira, la mapira, ndipo kukhosi kwanga kunali gwa chifukwa cha mantha. Khosi linachita zake losandifunsa.

Mezu.

Ndinaimva ikutsika pang'onopang'ono mpaka inakafika. Maso anga ayenera kuti anatong'oka, chifukwa kamwana kaja kanakuwa, "Ameza! Tsaya laphwa!"

Kuseka kwake sindidzakuiwala. Mphunzitsi uja anachita kugona chagada. Akazi anga anangotola chikho n'kubwerera kukhitchini osatembenuka. Agogo okha ndi amene sanaseke. Anati iwo anaona nkhomo ikulowa m'kamwa nthawi yomwe ija, ndipo mbiri ya Jumbe anaiyambira dala kuti aone ngati ndingayankhule nayo.

Kuchipatala adokotala anandifunsa kawiri kuti ndameza chiyani, kenako anatuluka panja kaye. Atabwerako, maso ali ofiira, anati poti ndikupuma bwino ndipo m'mimba simukupweteka, ndidye nsima yokwanira ndi masamba, ndidikire, zikasintha ndibwerere msanga. Dzino analichotsa.

Ndinapempha agogo kuti ndiwagulire nkhomo zina, ngakhale chitini chathunthu. Anakana. Anati zawozo zinazolowerana, yachilendo ingasokoneze zinzake. Anakananso kuti masewera aja anatha, ngakhale mzere wanga wakutsogolo munali mutatsala nkhomo ziwiri zokha. Akuti bawo wa nkhomo 63 sawerengedwa, ndiye thabwa analisunga momwemo pansi pa bedi, aliyense osaligwira.

Tili m'minibasi kubwerera, tisanafike n'komwe pa Chia, foni inalira. Anali alamu, akuti agogo akufunsa ngati katundu wawo wafika, ndipo akuti akafika ndimutsuke ndi sopo, ndibwere naye ndekha, chifukwa ndi nthawi yanga yoponya.