Lolemba, 20 Januwale 2025: masewera omaliza a Notre Dame

Nthawi yadutsa 12 koloko usiku, alendo apita, ana agona. Mbale zadzaza mu sinki ndipo mphika wa nsima ndaunyika m'madzi, ndiutsuka mawa. Tulo sitikubwera, ndiye ndati ndilembe zalero zisanazizire m'mutu. Ohio State 34, Notre Dame 23, pamasewera omaliza olimbirana ukatswiri wa mpira wa ku America (American football) wa mayunivesite.

Tsiku linayamba ndi chisanu choluma mafupa. Galimoto inachita kukakamizidwa kuti ilire, ndipo ndinakhala mphindi zingapo ndikupala madzi oundana pagalasi, zala zitachita dzanzi mkati mwa magolovesi. Lero linali holide ya Martin Luther King, ana sanapite kusukulu, koma ife ogwira ntchito yosamalira okalamba holide sitiidziwa. Munthu amafunika kusamba ndi kudya tsiku lililonse. Panjira ndinaona mbendera za zilembo ziwiri zija, N ndi D, zili pamakonde a nyumba zambiri. Kuntchito TV ya pabalaza inkaonetsa mwambo wolumbiritsa pulezidenti ku Washington, koma nkhani imene inali pakamwa pa anthu kuno ku South Bend inali ya usiku, ya ku Atlanta, kumene timu ya Notre Dame, yunivesite ya kuno, inkasewera.

Pali agogo ena aamuna amene ndimawasamalira m'mawa uliwonse. Nditangolowa m'chipinda mwawo, ndisanawapatse n'komwe moni, anandilozera kabati. Ndinadziwa chimene akufuna: juzi yawo yakale yabuluu, yothetheka m'zigongono, ya Notre Dame. Manja awo amanjenjemera, moti kuwaveka juzi kumatenga nthawi. Mkono wamanzere umayamba ndiwo, kenako mutu, kenako timapuma kaye. Titamaliza anadzisisita pachifuwa n'kunena kuti akhala akudikira tsiku ili kuchokera mu 1988. Chaka chimenecho ndi chimene timuyi inatenga komaliza ukatswiri wa dziko lonse, mphunzitsi ali Lou Holtz. Amakumbukira zonse: mmene anagonjetsera Miami 31 kwa 30 pabwalo lapakhomo mu Okutobala, ndi mmene anamalizira ndi West Virginia ku Fiesta Bowl, 34 kwa 21. Dzina la mankhwala amene amwa m'mawa amaiwala, koma zigoli za zaka 36 zapitazo amazitchula osaphonya.

Agogo amenewa ndiwo anandiphunzitsa mpira umenewu. Ine ndinakulira pa Bullets ndi Wanderers, ndipo nditafika kuno ndinkaona ngati anthu akungogundana n'kugwerana mulu popanda dongosolo. Tsiku lina anatenga timapaketi ta shuga n'kutindandalika pathireyi ya chakudya, 11 uku, 11 uko, chivindikiro cha botolo n'kukhala mpira. Anati: uli ndi mwayi kanayi kuti usunthe mayadi 10, ukakwanitsa, akupatsanso kanayi, ukalephera, mpira ndi wa anzako. Ukafika nawo kumapeto kwa bwalo ndi touchdown, mapointi 6, kuwonjezerapo imodzi ukamenya pakati pa mapolo, kapena ziwiri ukayesanso kulowa nawo. Kumenya pakati pa mapolo kokha, utalephera kufika kumapeto, ndi mapointi 3. Kuyambira pamenepo maso anga anatseguka, ndipo ndinayamba kuona kuti mulu uja uli ndi nzeru zake.

Masana, nditawapititsa kuchipinda chodyera, tinakambirana za 7 Seputembala. Nyengo yonseyi singafotokozeke popanda tsiku limenelo. Sabata imodzi m'mbuyomo timuyi inali itapambana ku Texas A&M, 23 kwa 13, pabwalo lovuta kwambiri kwa alendo, ndipo tauni yonse inali itayamba kuyenda monyang'wa. Kenako kunabwera Northern Illinois, sukulu imene inalipidwa madola 1.4 miliyoni kuti idzasewere kuno. Ndi mmene zimakhalira m'dziko muno: sukulu zazikulu zimalipira zazing'ono kuti zibwere, poyembekezera kuti zidzagonja mosavuta. Northern Illinois inatenga ndalamazo, n'kupambananso 16 kwa 14. Ndinali pantchito tsiku limenelo. Mpira womaliza wa Mitch Jeter, womenya mipira ya mapointi 3 wa Notre Dame, wochokera patali mayadi 62, utatchingidwa, agogo anandiuza kuti ndizimitse TV, ndipo chakudya chamadzulo anachibweza osachikhudza. Mphunzitsi wa Northern Illinois, Thomas Hammock, ankalira misozi ya chimwemwe pomwe ankamufunsa mafunso pabwalo. Ine mtima unagawikana, chifukwa munthu wochokera kwathu amadziwa kukoma kwake wamng'ono akagwetsa wamkulu, koma ndikayang'ana mbale yosakhudzidwa ija ndinkamva chisoni.

Chimene ndamulemekezera Marcus Freeman, mphunzitsi wa Notre Dame, ndi zimene anachita pambuyo pake. Sanabise manyaziwo kapena kuwakankhira kwa ena. Ankauza anyamata ake kuti ululu wa tsiku lija ausunge, asauiwale. Ndipo zinaoneka. Sabata yotsatira Purdue inalandira 66 kwa 7. Miami ya ku Ohio 28 kwa 3, Louisville inavutako koma inagwa 31 kwa 24, kenako Stanford, Georgia Tech, Navy, Florida State imene inakwapulidwa 52 kwa 3, Virginia, ndi Army ku Yankee Stadium. Notre Dame ilibe ligi yake ngati sukulu zina, imaima payokha, ndiye aliyense ankadziwa kuti kugonja kwachiwiri kukanatseka chitseko cha mpikisano womaliza. Masewera aliwonse anali ngati omaliza, ndipo ankasewera osewera ena ofunika atavulala, monga Benjamin Morrison amene anasiyira panjira mu Okutobala.

Amene sindidzawaiwala ndi a ku Los Angeles, pa 30 Novembala. Timu ya kumeneko, USC, inali itayandikira kuti ifananitse, ife pabalaza titagwira mitu, pamene Christian Gray anawakha mpira wa adani pafupi ndi mzere wake n'kuthamanga nawo mayadi 99. Posakhalitsa Xavier Watts anachitanso chimodzimodzi, mayadi 100. Zinathera 49 kwa 35.

Pa 20 Disembala ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna kusukuluko, tsiku limene Indiana inabwera. Aka kanali koyamba kuti mpikisano womaliza ukhale wa matimu 12, ndiponso koyamba kuti masewera otere achitikire pabwalo la sukulu. Matikiti sitikanakwanitsa, ndiye tinangoyenda panja pakati pa khamu la anthu. Tinadutsa pa Grotto pomwe anthu ankayatsa makandulo, n'kukaima moyang'anana ndi chithunzi chachikulu cha Yesu chimene chili pakhoma la laibulale, manja ali m'mwamba, chimene anthu amachitcha Touchdown Jesus. Tili pamenepo tinamva chiphokoso chochokera m'bwalo, ngati mvula yamkuntho ikugwa padenga la malata. Mwana anayang'ana pafoni n'kukuwa kuti, “Adadi, Jeremiyah Love wathamanga mayadi 98!” Tinavina pachisanu ndi anthu osawadziwa. Inathera 27 kwa 17.

Ya Georgia ku New Orleans inabwera ndi chisoni. Inayenera kuseweredwa pa 1 Januwale, koma m'bandakucha wa tsikulo munthu anawomba anthu ndi galimoto pa Bourbon Street n'kupha 14. Anaisunthira tsiku lotsatira. Notre Dame inapambana 23 kwa 10, koyamba kupambana masewera aakulu otere kuchokera mu Januwale 1994, koma chimwemwe chake chinali chodekha. Kenako Penn State ku Orange Bowl pa 9 Januwale: tinayamba kutsalira 10 kwa 0, Gray yemwe uja anawakhanso mpira chakumapeto, ndipo Jeter, amene mpira wake unatchingidwa mu Seputembala, anamenya wa mayadi 41 kutatsala masekondi owerengeka. 27 kwa 24. Masewera 13 otsatizana osagonja.

Ndinaweruka 3 koloko. Mayi a kunyumba anali atayamba kale kukazinga nkhuku, ndipo tinatulutsa usipa wotsala umene mlamu anatibweretsera kuchokera ku Salima chaka chatha. Amalawi tilipo ambiri ndithu kuno ku South Bend, ndipo pakakhala chinthu chachikulu timakonda kuonera pamodzi. Kunabwera mabanja atatu. Nsapato zinaunjikana pakhomo, majekete pabedi la ana. Mchimwene wanga wamkulu wa ku Bangwe anaimba pa WhatsApp tisanayambe, kwawo kuli cha m'ma 2 koloko usiku, akuti tulo tawathawa ndipo akufuna adziwe ngati “ana asukulu” athu ali okonzeka. Ndinawauza kuti, “Achimwene, ana asukulu amenewa bwalo lawo limalowa anthu oposa 77,000, ndipo limadzaza.” Anati ndiwatumizire zotsatira kukacha.

Chiyambi chinali chokoma moti mpaka pano ndikuchionabe m'maso. Notre Dame inatenga mpira n'kuyenda nawo mayadi 75 pang'onopang'ono, maulendo 18, kwa mphindi pafupifupi 10, Ohio State osaukhudza. Riley Leonard, woponya mpira wa Notre Dame, anathamanga nawo yekha kasanu ndi kanayi, akugundidwa, akudzuka, mpaka analowa nawo. 7 kwa 0. Nyumba inagwedezeka, mwana wa alendo amene anali m'tulo anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Koma kamera itamuonetsa Leonard kumbali kwa bwalo akusanza chifukwa cha kutopa, bambo wina amene amaudziwa bwino mpirawu anapukusa mutu n'kunena kuti mnyamatayu wathera mphamvu zonse paulendo umodzi.

Ananena zoona. Kuchokera pamenepo Ohio State inachita zofuna zake. Woponya mpira wawo, Will Howard, ankaponya mpira uliwonse m'manja mwa mnzake ngati akuchita kuyeza ndi lula. Popita kokapuma zinali 21 kwa 7. Pobwerako Quinshon Judkins anang'amba pakati n'kuthamanga mayadi 70, ndipo posakhalitsa zinali 31 kwa 7. Pabalaza panali zii, kumangomveka masipuni. Amayi anasamukira kukhitchini n'kuyamba nkhani za maliro a kumudzi. Wina anafunsa ngati tisinthe tchanelo. Mwana wanga, atakhala pansi pafupi ndi TV, anakana osatembenuka n'komwe.

Ndipo anyamata aja sanagonje mumtima. Jaden Greathouse wa Notre Dame anawakha mpira, n'kuzemba anthu awiri, n'kulowa. Anawonjezera ziwiri, 31 kwa 15. Kenako analanda mpira kwa Ohio State n'kuyenda nawo mpaka mayadi 9 kuchokera kumapeto. Apa ndi pamene pali nkhani imene takangana mpaka alendo akuvala nsapato. Unali mwayi wachinayi, kutatsala mphindi zosakwana 10, ndipo Freeman anasankha kumenya wa mapointi 3 m'malo moyesa touchdown. Mpira wa Jeter unagunda polo n'kubwerera. Phokoso lake linamveka bwinobwino pa TV, ngati munthu wamenya chitsulo cha belu la kusukulu.

Ine maganizo anga ndi akuti Freeman analakwitsa pamenepa, ngakhale mpirawo ukanalowa. Tinkatsalira ndi 16. Mapointi 3 akanatisiya tikutsalira ndi 13, kutanthauza kuti tikufunikabe kulowa kawiri, nthawi ikutha, kutsogolo kuli timu imene tinkalephera kuiimitsa usiku wonse. Munthu amene watifikitsa ku Atlanta chifukwa cholimba mtima, amene chaka chonse sankaopa mwayi wachinayi, anayenera kulimbanso mtima pomwepo. Bambo uja anatsutsa, akuti mayadi 9 ndi ambiri ndipo ndi 13 sufunikanso kudalira ziwiriziwiri zija. Ndikumva mfundo yawo, koma sindinasinthe maganizo.

Ngakhale zinali choncho, Greathouse analowanso, mpira wa mayadi 30 umene anauwakha munthu atamukakamira, ndipo ziwiri zinalowanso. 31 kwa 23, kutatsala mphindi zinayi. Amayi anabwerera kuchokera kukhitchini, wina atagwira chikho chonyowa m'manja. Tonse tinaimirira. Ohio State inafika pa mwayi wachitatu ikufunika mayadi 11. Tikanawaimitsa pamenepo, mpira ukanabwerera kwa ife. Howard anabwerera m'mbuyo n'kuponya kutali kudzanja lamanja, ndipo Jeremiah Smith, mnyamata wa chaka choyamba, anauwakha. Mayadi 56. Amene ankamulondera, n'kutsalira sitepe imodzi, anali Christian Gray, yemwe uja anatipulumutsa ku Los Angeles ndi ku Orange Bowl. Zimenezi ndi zimene zandipweteka kwambiri usiku uno. Ndikudziwa kuti mawa pa intaneti anthu amunyoza mwanayu, ndipo adzakhala anthu amene aiwala kuti popanda iye sitikanafika n'komwe pamasewera alero.

Anamenya wa mapointi 3, 34 kwa 23, basi. Mapepala achikondwerero anagwa kuchokera kudenga la bwalo. Freeman, amene iyenso anasewerera Ohio State ali mnyamata, anakumbatirana ndi Ryan Day, mphunzitsi wa Ohio State, pakati pa bwalo. Freeman ndi mphunzitsi woyamba wakuda kufika pamasewera omaliza amenewa, ndipo mayi ake ndi ochokera ku Korea. Ndinafuna kuti mwana wanga aone zimenezo pa tsiku la Martin Luther King, ndipo waziona, ngakhale kuti anali akupukuta misozi ndi mkono wa juzi. Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti timu yapambana 14 n'kugonja kawiri kokha. Anayankha kuti, “Ndikudziwa, adadi,” n'kukwera kukagona.

Alendo atapita ndinatumiza uthenga kwa achimwene ku Bangwe, kenako ndinalembera mnzanga amene ali pa shifiti ya usiku kumufunsa za agogo. Wayankha posachedwapa. Akuti anaonera mpaka kumapeto, sanalole kuti TV izimitsidwe ngakhale pa 31 kwa 7, ndipo akana kuvula juzi, agona nayo. Ndamupempha kuti asaiike m'zochapa. Mawa ndikulowa 6 koloko, ndipo chipinda chawo ndi chimene ndimayambira.