Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ku Trieste, pa malo amene a Salam anayambitsa

M'gawo lapitalo tinasiyana pa bwalo la ndege ku Lilongwe, ine nditavala jekete lobwereka kwa alamu anga, choko cha kusekondale chikadali m'zikhadabo. Za m'njira zilibe nkhani. Ndinafika ku Trieste, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, mu Seputembala, mwezi umene maphunziro a dipuloma amayamba ku International Centre for Theoretical Physics (ICTP).

ICTP ndi malo a akatswiri a fizikisi ija yosafuna makina, yongofuna bolodi, pepala ndi mutu. Ali kunja pang'ono kwa mzinda, m'mbali mwa nyanja ya Adriatic, pafupi ndi nyumba yachifumu ya Miramare. Dipuloma yawo inayamba mu 1991. Amatenga achinyamata a m'mayiko osauka amene ali ndi digiri yoyamba, n'kuwasula chaka chimodzi kuti akathe kuyamba PhD kulikonse. Tikiti ndi ndalama ya pamwezi amapereka okha. M'kalasi mwathu munali anthu a ku Sudan, Vietnam, Iran ndi Pakistan, aliyense ndi Chingerezi chakechake.

Miyezi yoyamba inandikunga. Kwathu ndinali tambala wa pakhomo, kuno ndinapezeka mwanapiye. Quantum field theory, phunziro la tinthu ting'onoting'ono topanga zonse ndi mphamvu za pakati pake, inkaphunzitsidwa m'mawa, madzulo tinkalimbana ndi masamu ake mpaka maso kufiira, ndipo panja pankawomba bora, mphepo yozizira ya kumeneko imene imatha kudutsa makilomita 100 pa ola. Tsiku lina amayi anandifunsa pa foni: "Nanga iwe mwanawe, ukabwerako udzakhala dokotala wa chiyani?" Ndinati, "Wa tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, amayi." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Tosaoneka? Bola usatibweretsere zaufiti kuno."

Woyambitsa malowo, a Abdus Salam, katswiri wa fizikisi wa ku Pakistan, sindinawaone. Anamwalira pa 21 Novembala 1996 ku Oxford, ine ndisanalote n'komwe za Italy. Chithunzi chawo ndinkachidutsa tsiku ndi tsiku osachilabadira. Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wa ku Pakistan, tili m'kantini, ine ndikudandaula kuti ndikabwerera kwathu ndilibe woti ndizidzakamba naye zinthu zimenezi. Anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, dandaulo lanulo ndi limene linamanga nyumba tikudyerayi."

A Salam anabadwa mu 1926 ndipo anakulira ku Jhang, katawuni ka ku Punjab, bambo awo ali wogwira ntchito m'dipatimenti ya maphunziro. Ali ndi zaka 14 anakhoza mayeso olowera ku yunivesite ya Punjab ndi malikisi amene palibe anali atawafikapo. Anaphunzira ku Government College ku Lahore, ndipo mu 1946 anapita ku Cambridge. Mu 1951, dzina lawo litayamba kale kumveka pakati pa akatswiri, anabwerera ku Lahore kukaphunzitsa masamu. Apa m'pamene nkhaniyi inandigwira pamtima. Kwawo anapeza ulemu ndi malipiro, koma panalibe magazini atsopano a sayansi, panalibenso munthu wokambirana naye kafukufuku. Ntchito yapadera imene koleji inawapatsa inali yoyang'anira timu ya mpira. Mu 1954 anabwerera ku Cambridge, ndipo mu 1957 anakhala pulofesa ku Imperial College ku London. Anayenera kusankha pakati pa dziko lawo ndi fizikisi, ndipo kusankhako kunawapweteka moyo wawo wonse.

Ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel ndinaiphunzira m'chigawo chachiwiri cha chakacho, ndipo ndi pamene ndinayamba kusangalala ndi maphunziro. M'chilengedwe muli mphamvu zinayi: yokokera zinthu pansi, ya magetsi ndi maginito, yamphamvu imene imamanga phata la atomu, ndi yofooka imene imachititsa maatomu ena kusweka okha komanso imathandiza dzuwa kuyaka. Ya magetsi imafika kutali. Yofookayo siituluka n'komwe m'phata la atomu. Ndani akanaganiza kuti n'zapachibale? Koma katswiri wa ku America Steven Weinberg mu 1967 ndi a Salam mu 1968, aliyense payekha, pomanga pa zimene katswiri winanso wa ku America, Sheldon Glashow, anayamba, anasonyeza kuti ziwirizi ndi mphamvu imodzi, zimangooneka zosiyana chifukwa tinthu tonyamula mphamvu yofookayo, W ndi Z, n'tolemera kwambiri. Atatuwa analandira Nobel mu 1979, tinthuto tisanaonekenso. Tinapezeka mu 1983 ku CERN, malo aakulu a kafukufuku wa fizikisi pafupi ndi Geneva, kalikonse kolemera kuposa pulotoni (kanthu ka m'phata la atomu) maulendo oposa 80, monga mmene masamu ananenera. Tsiku limene ndinawerengera ndekha kulemera kwa W papepala, ndinatuluka panja kukayenda m'mphepo ngati wopenga.

Mnzanga uja anatsitsa mawu atafika pa 1974. Chaka chimenecho nyumba ya malamulo ya Pakistan inagamula kuti a gulu la Ahmadiyya, kumene a Salam ankapemphera, si Asilamu. Iwo anasiya udindo wawo wolangiza boma pa za sayansi. Komabe ku Stockholm anakalandira mphoto atavala nduwira ndi zovala za kwawo ku Punjab, ndipo anatchula mawu a m'Korani. Anaikidwa ku Rabwah, ku Pakistan, ndipo pamwala wa pamanda awo, pamene panalembedwa kuti anali Msilamu woyamba kulandira Nobel, mawu akuti Msilamu anafufutidwa. Mnzangayo anati mabuku a kusukulu kwawo sankawatchula kwenikweni. Iye anawadziwa bwino atakula.

Kwa ine, chachikulu chimene a Salam anachita si Nobel ayi. Weinberg anafika pa yankho lomwelo payekha, choncho fizikisi sikanasowa kanthu. Koma ICTP, imene anaitsegula mu 1964 mothandizana ndi katswiri wa fizikisi wa ku Italy Paolo Budinich, boma la Italy ndi bungwe la IAEA loona za mphamvu ya atomu padziko lonse, sindikhulupirira kuti wina akanaiganizira, chifukwa inachokera m'bala la munthu amene anaulawa yekha usiwa wa ku Lahore. Anakonza zoti katswiri wa m'dziko losauka azikhalabe pantchito kwawo, koma azibwera ku Trieste miyezi ingapo, zonse zolipiridwa, kudzawerenga, kudzatsutsana ndi anzake, n'kubwerera. Anthu ambiri amaganiza kuti wasayansi wa kuno amathawa umphawi basi. Ndalama n'zofunika, inde, koma chimene chimazimitsa mutu msanga n'kusowa munthu wokuuza kuti apa walakwitsa.

Chaka chikupita kumapeto, anzanga anali kalikiliki kulembera mayunivesite a ku America ndi ku Germany. Mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandilimbikitsa kuchita chimodzimodzi. Koma kwathu ndinasiya mkazi ndi mwana woyamwa, ndipo amayi anali atayamba kudandaula miyendo. Ndinalembera ku South Africa kokha, poganiza kuti zikavuta kumudzi, kuchokera ku Johannesburg basi imadutsa ku Harare ndi ku Tete n'kukanditula ku Malawi popanda kupempha tikiti ya ndege kwa munthu. Mphunzitsiyo anapukusa mutu, komabe kalata yondiyamikira analemba. Mmene ndinakafikira ku Park Station, siteshoni yaikulu ya ku Johannesburg, ndi chikwama cha mabuku cholemera kuposa zovala, tidzakamba m'gawo 10.