Dzulo ndadyanso Mgonero, zikomo apongozi anga

Usiku wathawu tulo sindinatione, koma ulendo uno si matsire ayi. Dzulo ndadya Mgonero wa Ambuye patatha zaka 3 chiimitsidwireni kumpingo. Abusa atatchula dzina langa pamodzi ndi anzanga obwerera, mawondo ananjenjemera ngati ndasenza belo la fodya ndekha.

Nkhani yanga a ku Santhe kuno mukuidziwa, ena mumaidziwa kuposa mwiniwakene. Mu 2022 ndinagulitsa mabelo 9 a fodya ku msika wa Chinkhoma, ndalama zitalowa ndinatsikira pa boma pa Kasungu n'kuiwala njira yakumudzi. Masabata 5. Ndinabwera ndi nsapato zatsopano ndi ngongole, feteleza ayi, fizi ya mwana ayi. Kenako kachasu anandilowa m'magazi. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, pusiyo ndine.

Ndithokoze abusa athu ndi akulu ampingo, amene sanandinyengerere pondiimitsa komanso sanandinyoze pondilandira. Amayi a Chigwirizano, zikomo chifukwa cha ufa uja munabweretsera ana mu February 2023 nkhokwe ili mbee. Mayi a ana anga, inu ndilankhula nanu kunyumba, pano sipokwana.

Koma apongozi anga akazi. Ine ndine mkamwini, ndimakhala pamudzi pawo, ndimalima munda wawo, chigafa changa chili pamalo awo. Malume a akazi anga anabwera kawiri kudzanena kuti munthu uyu mumutolere zovala zake azipita kwawo, ndipo kunena zoona sankalakwa. Apongozi anangoti, "Mwana akagwa pamoto sumuthamangitsa, umamuvuula." Nkhani inathera pomwepo.

Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye taganizani. Usiku wina wa mu June, kuzizira kuja, ndinagwa kuseri kwa khola lawo nditaledzera, nditadzisanzira. Anandipeza ndi iwowo. Sanadzutse mudzi. Anavula chitenje chawo n'kundifunditsa, anakhala pamtondo chakumbali atandifulatira mwaulemu wake, n'kuyamba kupemphera motsitsa. Ndinkamva ngati kutulo. Ankatchula dzina langa lenileni, lija sanalitchulepo chikwatirireni mwana wawo. Ankati, Ambuye, uyunso ndi wanga. Kutacha ndinapeza phala m'kambale pafupi ndi mutu wanga, lovundikira ndi mbale inzake kuopa nkhuku.

Sindinasiye mowa tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Ndinamwabe miyezi ina yambiri. Koma chitenje chija chinkandisowetsa mtendere, ndikakweza botolo ndinkamva fungo lake la utsi wa kukhitchini. Lamulungu lililonse ankatuma mdzukulu wawo, mwana wanga yemwe, kudzaima pakhomo: "Agogo akuti malo anu kutchalitchi akadalipo." Basi, mawu omwewo, osaonjeza. Mwanayo mpaka anafika pomanena akuseka.

Tsiku limene ndinapita ndinakhala benchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo kuti ndithawe bwino. Anawerenga Luka 15, fanizo la mwana wolowerera. Ndime imeneyi ndinailoweza ku Sande sukulu ndili mwana, koma sindinkaona kuti bambo uja anamuona mwana wake akadali kutali, ndiye kuti maso ake ankakhalira kunjira. Ndinayang'ana mbali ya amayi, apongozi ali mu bulauzi yawo yoyera, maso pansi. Sanatembenuke, koma ndinaona akupukuta kumaso ndi nsonga ya duku.

Kalasi ndalowa miyezi 6, kukhala pamodzi ndi achinyamata oti ndikanawabereka. Manyazi analipo, koma sanandiphe.

Anzanga a pa boma aja munkanditcha "bwana" ndalama za fodya zili m'thumba, amponda apa nane mpondepo, moni kumeneko. Nditadwala chifuwa chaka chatha foni yanga inali zii, ndinafika poyesa kuti netiweki yathawa Kasungu yense. Sindikusungirani mangawa. Malo pabenchi lakumbuyo lija alipo, ine ndasunthira kutsogolo pang'ono.

Mundilengere mtima woyera, Mulungu, monga anapempha Davide pa Masalmo 51. Ludzu lija limabwerabe, makamaka madzulo a Loweruka, ndiye musaleke kundipempherera. Ndipo Ambuye muwasunge apongozi anga, muwachotsere nyamakazi ya m'mawondo ija, adzaone zidzukulutudzi.

Iwo za Facebook sazidziwa. Alamu, mukapita kumudzi muwawerengere zonsezi, musadumphe pena. Muwauze kuti chitenje chija ndinachichapa ndipo ndikuchisunga, sindibweza. Ndawagulira china, chili ndi mayi a ana, poti ine kukawapatsa pamanja sindingathe.