Lipoti la Ulendo Wokaona Dziwe Losambiramo Tisanatengereko Ana M'dzinja

Loweruka lapitali, ife aphunzitsi a Sande Sukulu a mpingo wathu ku Chilomoni tinapita pa malo ena ogona alendo mumzinda wa Blantyre omwe ali ndi dziwe losambiramo, n'cholinga choti tikaone ndi maso athu tisanatengereko ana pa tchuthi cha Khirisimasi. Tinalipo anthu 14 pamodzi ndi amayi awiri a m'komiti ya makolo, ndipo nkhawa yathu inali ya mvula, pakuti kuno dzinja limayamba cha mu Novembala n'kukatha mu Epulo.

Tinalandiridwa ndi bambo amene amayang'anira dziwelo, munthu wofatsa amene wenzulo sachoka m'khosi mwake. Anationetsa mbali ya ana ndi mbali yakuya, koma phunziro lenileni linabwera lokha. Dzuwa likuswa mtengo, kunamveka bingu chapatali kumbali ya phiri la Michiru, pamene pamwamba pathu panalibe ngakhale kamtambo. Bambowo anadula nkhani pakati, naimba wenzulo, nauza onse amene anali m'madzi kuti atuluke. Mlendo wina amene ankasambira ndi ana ake anadandaula kuti walipira ndalama ndipo mvula sinadonthe n'komwe, koma iwo anangoti, "Pepani achimwene, tulukani kaye ndi anawo, mubwereramo kukayera."

Ndivomereze kuti nanenso mumtima ndinaona ngati afulumira, mpaka pamene anatifotokozera chifukwa chake. Mphenzi imatha kugwa pa mtunda wa makilomita 15 kuchokera pomwe pakugwa mvula, choncho munthu amene wamva bingu ali kale pafupi moti ikhoza kumupeza. Anatiphunzitsa kuwerenga masekondi kuchokera pamene kwang'anima mpaka pamene bingu lamveka: phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, kotero mukawerenga 30 kapena kuchepera apo, mphenziyo ili mkati mwa makilomita 10. Madzi amafalitsa mphamvu ya magetsi, ndipo mphenzi ikagwa padziwe kapena pafupi napo, imakhudza onse amene ali m'madzi, amene agwira makwerero achitsulo, ngakhalenso amene aima pa simenti yonyowa. Kubwerera m'madzi kumadikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza, ndipo lina likagunda, kuwerengako kumayambiranso. Apa m'pamene ndikuona kuti padzativuta ifeyo, chifukwa ana 40 amene adikira chaka chathunthu akadzayamba kulira dzuwa likuwala, mphunzitsi wa mtima wachifundo adzafuna kuwalola.

Mphepo itayamba kuwomba ndi madontho oyamba, ambiri a ife tinathamangira pa chisakasa chaudzu chomwe chili m'mbali mwa dziwe, ena pansi pa mtengo wa mango. Bambo aja anatichotsapo tonse. Anati chisakasa chopanda makoma chimatchinga mvula yokha, ndipo mtengo wautali ndiwo woopsa koposa. Pothawira pabwino ndi m'nyumba ya makoma kapena m'galimoto ya denga lachitsulo yotseka mawindo. Anatiletsanso kulowetsa ana ku bafa kukasamba pa nthawiyo, popeza mphamvu ya mphenzi imatha kutsata mapaipi a madzi.

Tili m'chipinda chodyera, mayi wina wa m'komiti anafunsa za zimene tinkauzidwa tili ana, zakuti chovala chofiira chimaitana mphenzi. Yankho linali lakuti mtundu wa chovala ulibe kanthu, chofunika ndi malo amene munthu waima. Funso limene linandikhudza kwambiri linali la munthu woombedwa ndi mphenzi, chifukwa ambiri timaopa kumugwira. Thupi lake silisunga magetsi, ndipo ngati wasiya kupuma, chomupulumutsa ndi kuyamba msanga kumupsinja pachifuwa pamene ena akufunafuna galimoto yomuthamangitsira ku chipatala chachikulu cha Queens.

Mvula itakata tinatulukanso, ndipo dziwe lija linali litasintha. Madzi amene anali oyera mbee anali atachita mbuu, masamba akuyandama, ndipo kumbali yakuya pansi sipankaoneka. Bambowo anaponyamo ndalama yachitsulo n'kutifunsa ngati tikuiona, palibe anaiona. Anati mwana amene wamira sakuwa ngati mmene timaganizira, amangolowa pansi mwakachetechete, choncho dziwe limene pansi pake sipakuoneka salitsegula. Madzi a mvula amachepetsanso mphamvu ya klorini ndi kukokolera zonyansa m'dziwe, ndipo ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023 sitinafune kuuzidwa kawiri. Matailosi onyowa anali oterera moti mmodzi wa ife anatsala pang'ono kugwa chagada akungoyenda. Titanena kuti tinkafuna kubwera ndi sipika ya nyimbo ndi chingwe chachitali cha magetsi, anatiuza mosabisa kuti chingwe chotero sichiyandikira padziwe ponyowa.

Pobwerera m'minibasi, nkhani inakhotera kwa ana athu omwewa amene amasambira m'mitsinje ya Mudi ndi Likhubula popanda wowayang'anira, kumene madzi amadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, monga tonse tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tinagwirizana kuti zimene taphunzirazi tidzaziphunzitse m'kalasi Lamulungu ulendo usanachitike.

Pa za ulendo wa ana, tinapangana kuti tidzanyamuke m'mawa, chifukwa mvula ya mabingu imakonda kubwera masana. Kuti dzulo lake tidzamvetsere uthenga wa nthambi yoona zanyengo. Kuti wamkulu mmodzi aziyang'anira ana asanu. Ndiponso kuti woyang'anira dziwe akaimba wenzulo, pasapezeke mphunzitsi wopempha kuti ana atsirize kaye. Chimene chatsala, ndipo tikuchipereka kwa komiti ya makolo, ndi chakuti ndalama ya minibasi idzayenda bwanji ngati tsikulo kudzacha ndi mabingu ulendo n'kulephereka.